Mudzafuna ndalama zingati pamwezi mukadzapuma pa ntchito? Kuyerekeza njira zowerengera

Mukafunsa alangizi atatu a zachuma kuti munthu mmodzi yemweyo adzafuna ndalama zingati pamwezi akadzapuma pa ntchito, mukhoza kumva mayankho atatu otalikirana kwambiri, popanda ndi mmodzi yemwe wolakwitsa masamu. Chosiyanitsa ndi njira imene aliyense watsata. Zina mwa njirazi zinabadwira kumayiko kumene mitengo ya zinthu imakwera ndi 2 kapena 3 peresenti pachaka. Kuno kwathu kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kumayambiriro kwa 2012 dola imodzi inali pafupifupi K167. Pofika kumapeto kwa 2023 inali pa K1,700. Njira iliyonse tiyiyese ndi muyeso umenewu.

Kuti kuyerekeza kuoneke bwino, titenge bambo wongoyerekeza wa zaka 52, amene akufuna kudzapuma ali ndi zaka 60. Malipiro ake ndi K900,000 pamwezi, ndipo akachotsa msonkho ndi zina amalandira K680,000. Ali ndi nyumba yakeyake m'tauni, kanyumba kena kuseri kochititsa lendi, ndi munda kumudzi. Ziwerengero za kwacha zokhudza bamboyu n'zachitsanzo chabe. Pamalo pake ikani zanu.

Njira yoyamba: kudula gawo la malipiro a lero

Iyi ndiyo yotchuka. Amati wopuma pa ntchito amafuna 70 kapena 80 peresenti ya malipiro ake omaliza, poti zina zimene ankalipira zimatha: ulendo wa tsiku ndi tsiku wopita kuntchito, 5 peresenti imene ankadulidwa ya penshoni, ngongole ya nyumba, fizi ya ana. Masamu ake ndi a mphindi imodzi, ndipo kwa munthu wa zaka 30, amene sangadziwe kuti moyo wake udzakhala wotani patsogolo, n'zokwanira kuyambirapo.

Vuto loyamba n'lakuti malipiro ake ati. Pa K900,000, 70 peresenti ndi K630,000. Pa K680,000 yolowa m'thumba ndi K476,000. Kusiyana kwa K154,000 pamwezi kwabadwa musanawerenge n'komwe thumba limodzi la chimanga.

Lachiwiri n'lalikulu. Njirayi imaganiza kuti ana akakula katundu amapepuka. M'makomo ambiri kuno sizitero. Mwana wamaliza sukulu ya ukachenjede koma ntchito kulibe, ndiye akadali pakhomo. Mwana wamkazi banja latha, wabwerera ndi adzukulu awiri. Ana a malemu achimwene akuyang'ana inu. Komanso pali zinthu zimene bwana ankalipira inu osaziona pa pepala la malipiro: sikimu ya kuchipatala, mafuta a galimoto, mayunitsi, ndiponso nyumba. Mphunzitsi, wapolisi kapena namwino amene wakhala zaka zonse m'nyumba ya kuntchito, tsiku lopuma amatuluka n'kuyamba kulipira lendi. Ameneyu angafune zoposa malipiro ake onse, osati 70 peresenti. Chimodzimodzi amene khomo lake limayendera ma alawansi a maulendo ndi misonkhano: ndalama imeneyo siili m'malipiro, ndipo imauma tsiku lomwelo. Kwa wolandira zochepa, amene pafupifupi zonse zimathera pa chakudya, kudula 30 peresenti n'kudula nsima.

Njira yachiwiri: kulemba bajeti yeniyeni ya pakhomo

Iyi ndi yotopetsa, koma ndi imene ili ndi mizu. Mumalemba zonse zimene khomo lanu likugwiritsa ntchito kwa miyezi 12 yathunthu. Mwezi umodzi kapena itatu sukwanira, chifukwa ndalama za pakhomo la Chimalawi zimayenda ndi nyengo: feteleza ndi mbewu kuyambira Okutobala mpaka Disembala, aganyu opalira mu Januwale, chimanga chokwera mtengo mu Febuluwale, fizi ndi yunifolomu mu Seputembala, maukwati m'chilimwe. Simukuyenera kudalira kukumbukira kokha. Mbiri ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, mauthenga ogulira mayunitsi a ESCOM, mabilu a madzi ndi sitetimenti ya kubanki zimakumbutsa zambiri zimene mutu unataya. Ndipo lembani muli awiri. Abambo ambiri sadziwa mtengo wa ndiwo, makala ndi chigayo. Amayi ambiri sauzidwa zimene zimatumizidwa kwa achibale a kuchimuna.

Mukamaliza, gawani zinthuzo patatu: zimene zidzatha mukapuma, zimene zidzakhala momwemo, ndi zimene zidzakula. Za bambo wathu uja, zapamwezi zingaoneke motere pa mitengo ya lero:

- chakudya, sopo ndi chigayo: K260,000
- magetsi, madzi, makala kapena gasi: K70,000
- mayendedwe: K50,000
- mayunitsi a foni: K20,000
- mankhwala ndi kuonana ndi dokotala: K60,000
- zopereka ku mpingo ndi kumagulu: K30,000
- thandizo kwa achibale: K60,000

Zonse pamodzi ndi K550,000. Ambiri amaimira pomwepa, n'kumati malipiro a K680,000 akukwana ndi kutsalako. Koma pali zobwera kamodzikamodzi pachaka, zimene zimalowetsa anthu m'katapila: zipangizo za ulimi ndi aganyu K900,000, kukonza nyumba ndi msonkho wa kukhonsolo K500,000, maliro, zinkhoswe ndi maukwati K400,000, fizi ya mdzukulu K600,000. Izi ndi K2,400,000, kapena K200,000 pamwezi. Ndiye chofunika chenicheni ndi K750,000 pamwezi, K9,000,000 pachaka. Taonani kuti chaposa ngakhale K680,000 imene bamboyu akulandira panopa, chifukwa lero kusiyanako kukutsekedwa ndi lendi, munda ndi sikimu ya kuntchito.

Mzere wa maliro ena amachita nawo manyazi, koma usasowe. Munthu wamkulu pabanja sapita pamaliro chimanjamanja. Pali chipepeso, thiransipoti, nthawi zina bokosi ndi ufa, ndipo mukamakula maliro a anzanu amachuluka, osati kuchepa.

Mzere wa zaumoyo ndiwo umanamiza kwambiri. Muli pa ntchito, sikimu monga ya MASM imalipiridwa mbali ina ndi bwana, ndiye K60,000 imaoneka yokwanira. Funsani ku sikimu yanu zinthu zitatu musanapume: ngati amalola kupitiriza panokha, mtengo wake pa msinkhu wa zaka 60, ndi malamulo awo pa matenda amene muli nawo kale monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala cha boma chithandizo n'chaulere, inde, koma mankhwala akasowa mumalemberedwa kapepala kokagula ku famase, ndipo a shuga ndi BP ndi a mwezi ndi mwezi moyo wonse. Onjezani magalasi, mano, ndi munthu wodzakusamalirani mphamvu zikadzatha.

Kenako chotsani zimene zidzalowe popanda penshoni. Lendi ya K150,000 iwerengeni miyezi 10, osati 12, chifukwa nyumba imakhalako yopanda munthu, wina amathawa ndi ngongole, ndipo pamafunika penti wina asanalowe: ndi K1,500,000. Zokolola za kumunda, pa mtengo wa pamsika, tinene K1,500,000. Apa onetsetsani bwino: mundawo wadya K900,000, ndiye phindu lake lenileni ndi K600,000, chikakhala chaka cha mvula yabwino. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024 zinaonetsa kuti zaka zina feteleza amalowa m'nthaka osabweza kanthu. Zikachotsedwa ziwirizi, dzenje lotsala ndi K6,000,000 pachaka, K500,000 pamwezi. Imeneyi ndiyo ndalama imene penshoni ndi zosunga zanu ziyenera kubereka.

Ngati mukufuna poyesera kuti simunadzinamize pa chakudya ndi zofunika zina, bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa kawirikawiri mtengo wa zinthu zofunika pa banja la anthu 6 m'mizinda ya dziko lino. Chiwerengero chawo ndi cha moyo wongokwanira, choncho chanu chikatsika kuposa chawo pa munthu aliyense, pali chimene mwaiwala.

Kufooka kwa njirayi n'kumodzi, koma n'koopsa: yankho lake lili m'makwacha a lero. Mukalilemba m'kope n'kulitseka, pakatha zaka zitatu ndi bodza.

Njira yachitatu: kuwerenga katundu, osati makwacha

Njirayi ndi bajeti yomwe ija, koma mzere uliwonse umalembedwa m'miyeso ya chinthucho. M'malo molemba “chakudya K260,000”, mumalemba kuti pachaka khomo lino limadya matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50, malita akutiakuti a mafuta ophikira, mapaketi akutiakuti a shuga. Magetsi mumalemba mayunitsi, osati ndalama. Makala mumalemba matumba. Munda wa ekala imodzi mumalemba thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, mbewu, ndi masiku a aganyu. Mankhwala mumalemba dzina lake ndi kuchuluka kwa mapiritsi pamwezi. Maulendo a kumudzi mumalemba kuti ndi angati pachaka. Denga mumalemba chiwerengero cha malata ndi chaka chimene mukuganiza kuti adzafunika kusintha.

Mndandanda wotere sukalamba. Chaka chilichonse, mwezi womwewo, mumangoika mitengo yatsopano pambali n'kuwonkhetsa. Mukatero mumapeza chinthu chimene lipoti la National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, silingakupatseni: kukwera mitengo kwa pakhomo panu. Chiwerengero cha boma ndi cha dziko lonse. Khomo la okalamba limagula mankhwala ambiri, ndipo mankhwala, feteleza ndi mafuta zimachokera kunja, ndiye zimatsata dola. Kwacha ikagwa zimalumpha sabata yomweyo. Chimanga chokha muchiike pa mitengo iwiri, wa nthawi yokolola ndi wa m'miyezi ya njala. Amene ali ndi ndalama m'manja mu Meyi kapena Juni, ndi posungira pabwino monga matumba osalowa mpweya a PICS, amalipira mtengo woyambawo. Amene amadikira penshoni ya mwezi ndi mwezi amalipira wachiwiriwo. Kusiyana kumeneku ndi chifukwa chokwanira chokonzera kuti ndalama zina zizibwera pamodzi nthawi yokolola.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, gawani 72 ndi mlingo wa kukwera mitengo, mupeza zaka zimene mitengo imatenga kuti iwirikize kawiri. Pa 10 peresenti ndi zaka pafupifupi 7. Pa 25 peresenti ndi zaka zitatu zokha. Bambo wathu watsala ndi zaka 8: mitengo ikamakwera ndi 10 peresenti, K750,000 yake idzakhala pafupifupi K1,600,000 pamwezi, ikamakwera ndi 25 peresenti, idzakhala pafupifupi K4,500,000. Palibe amene angalosere kuti n'chiti chidzachitike, ndipo n'chifukwa chake kulosera makwacha a m'tsogolo n'kutaya nthawi. Chanzeru n'kusunga chilichonse m'mitengo ya lero, zofunika ndi zosunga zomwe, n'kumabwereza masamu chaka ndi chaka. Amene anagwira ntchito zaka zapitazi akukumbukira kuti K1,000 ya pepala inatuluka mu 2012, K2,000 mu 2016, ndipo K5,000 mu 2022.

Pa njira zonse, iyi ndi imene tingaikepo mtima. Choipa chake n'chakuti imakuuzani za pachaka zokha, osati mulu wonse wofunika kukhala nawo tsiku lopuma.

Njira yachinayi: kuchulukitsa ndi 25

Apa ndi pamene lamulo la 4 peresenti limalowera. Linachokera ku kafukufuku wa William Bengen wa 1994 ku America, amene anaona kuti munthu wotapa 4 peresenti ya chuma chake chaka choyamba, n'kumawonjezera molingana ndi kukwera mitengo, ndalama zake zinkamukwanira zaka 30. Kutembenuza kwake n'kwakuti mulu wofunika ndi zofunika za pachaka kuchulukitsa ndi 25. Pa dzenje la K6,000,000, ndi K150,000,000.

Masamuwo anachokera ku masheya ndi ngongole za boma la America, m'madola. Kuno chimene muyenera kuyang'ana si chiwongola dzanja cholembedwa pa chikwangwani cha banki, koma chotsala mukachotsa kukwera mitengo, msonkho ndi zolipira oyendetsa ndalamazo. Ndalama yoikidwa pa 20 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti yachepa mphamvu, ngakhale manambala m'buku akule. Ndiye m'malo moloweza 25, sankhani chochulukitsira molingana ndi phindu lenilenilo, pa zaka 25 za kupuma. Ndalama zikamapambana mitengo ndi 2 peresenti pachaka, chulukitsani ndi 19.5: K117,000,000. Zikamangolingana ndi mitengo, ndi 25: K150,000,000. Zikamatsalira ndi 2 peresenti, ndi pafupifupi 33: K198,000,000. Kusuntha pang'ono chabe kwa phindu kwasintha yankho ndi K81,000,000.

Nanga bwanji zaka 25, pamene timamva kuti Amalawi sakhala moyo nthawi yaitali chotero? Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri chimawerengedwa kuyambira pa kubadwa, ndipo chimatsitsidwa ndi imfa za ana aang'ono. Amene wafika kale zaka 60 ali pa mzere wina. Ndiponso ndalamazo si za mmodzi: ngati mayi ndi wocheperapo ndi zaka 7 kapena 10, masamu atsate msinkhu wa mayiyo.

Njira yachisanu: kuyambira ku zimene zilipo

Njira zinayi zija zimafunsa kuti mudzafuna zingati. Iyi imafunsa kuti mudzalandira zingati, ndipo ndi imene imadzidzimutsa. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza bwana kuika 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni. Ndi 15 peresenti. Thumbalo likamakula mofanana ndi mmene malipiro anu akukwerera, zaka 30 za kusonkha zimapereka malipiro a zaka zinayi ndi theka. Zaka 20 zimapereka a zaka zitatu. Kwa bambo wathu, tikampatsa zaka 30 zonse, ndi K48,600,000 m'ndalama za lero. Muigawe pa zaka 20 zokha: K202,500 pamwezi, osafika ndi kotala yomwe ya malipiro ake. Dzenje lija linali K500,000, ndiye pakusowa pafupifupi K300,000 mwezi uliwonse. Ndipo tawerengera ngati kuti 15 peresenti imadulidwa pa K900,000 yonse, pamene m'malo ambiri imadulidwa pa malipiro oyambira okha, ma alawansi ena osalowamo.

Lamulo la penshoni la 2023 limalola kutenga mpaka theka la ndalamazo nthawi imodzi popuma, pamene kale malire anali 40 peresenti. Mukatenga thekalo, ya pamwezi imatsika kufika pafupifupi K101,000. Kutenga si kulakwa, koma funso likhale lakuti thekalo likufafaniza mzere uti mu bajeti. Likamalizitsa nyumba n'kuchotsa lendi, kapena likamanga kanyumba kena kochititsa lendi, lagwira ntchito, poti lendi imatha kukwezedwa mitengo ikakwera. Likagula minibasi kapena kutsegula golosale kwa munthu amene sanachitepo malonda, musaliwerengere ngati ndalama yolowa mpaka patatha zaka ziwiri likubweretsadi phindu.

Zotsalazo zili ndi njira ziwiri. Annuity ndi mgwirizano ndi kampani ya inshuwalansi: mumaipatsa mulu, iyo imakulipirani mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Simungaimalize muli moyo, koma funsitsani ngati imakwera. K400,000 yosakwera, mitengo ikamakwera ndi 20 peresenti, pakatha zaka 5 imagula za K161,000, pakatha zaka 10 za K65,000. Funsaninso kuti mukamwalira mkazi kapena mwamuna wanu adzalandira gawo lanji. Njira inayo ndi programmed withdrawal: ndalama zimakhalabe m'thumba zikupindula, inu n'kumatapa pang'onopang'ono. Zimatha kuthamangitsana ndi mitengo, ndipo zotsala zimapita kwa olowa m'malo, koma zikhoza kutha inu mukadali moyo. Pemphani kampani yanu ikulembereni ziwerengero za njira zonse ziwiri, ndipo mufunse ngati zili m'makwacha a lero kapena a m'tsogolo. Pepala lolonjeza mamiliyoni mazanamazana pofika zaka 60 nthawi zambiri limakhala la m'tsogolo.

Chinthu china chofunika kuchita lero lomwe: yerekezani sitetimenti ya penshoni ndi mapepala anu a malipiro, mwezi ndi mwezi. Pali mabwana amene amadula 5 peresenti koma osaitumiza. Mukapeza miyezi yosowa, yambani ndi kampani yoyendetsa penshoniyo, ndipo zikakanika dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Ogwira ntchito m'boma amene ali pa dongosolo lakale, la gratuity (ndalama yolandira kamodzi popuma) ndi penshoni yowerengedwa pa zaka za ntchito, masamu awo ndi ena: afunse ku ofesi yoona za antchito kuti awawerengere, aonetsetse kuti tsiku lolembedwa ntchito ndi la kubadwa zili bwino m'fayilo, ndipo asunge padera ndalama ya miyezi ingapo, chifukwa malipiro amaima tsiku lopuma pamene gratuity imatenga nthawi.

Ndiye mutsate iti?

Ngati muli ndi zaka zosakwana 40, yoyamba ndi yachisanu zikukwanirani. Zikuonetsani kuti 15 peresenti yokha siingakufikitseni, ndipo muyenera kuwonjezera, kaya ndi zosonkha zaufulu ku penshoni, SACCO, masheya a pa Malawi Stock Exchange kapena malo. Banki mkhonde ndi yabwino pa zosowa za chaka chimenecho, koma poti ndalama zimagawidwa kumapeto kwa chaka, si mosungira za zaka 20.

Kuyambira zaka 45, chitani yachiwiri kamodzi mokwanira, muisandutse yachitatu, ndipo yachinayi ndi yachisanu zikhale zoyesera kukula kwa dzenje. Amene sali pa ntchito yolembedwa, monga amalonda ndi alimi, yoyamba ndi yachisanu siziwakhudza kwenikweni. Awo ayambire pa mndandanda wa katundu, n'kufunsa kuti ndi zinthu ziti zimene zidzabweretse ndalama iwo osanyamula katundu kapena khasu.

Ngati simunatsimikize kumene mudzakhale, lembani mindandanda iwiri, wa m'tauni ndi wa kumudzi. Wa kumudzi umatsika pa lendi, ndiwo ndi nkhuni, koma umakwera pa mizere ina: ulendo wopita kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba kapena Mzuzu, kumanga kapena kukonza nyumba imene yakhala yopanda munthu, sola ngati magetsi sanafike, ndi thandizo kwa achibale, poti wapenshoni pamudzi ndiye woyamba kugogoderedwa mwana akadwala usiku. Mzere wa thandizo kwa achibalewu pa mndandanda wa kumudzi muuwirikize kawiri, ndipo wa mayendedwe muuwerengere pa mtengo wa galimoto yahayala ulendo umodzi kapena iwiri pachaka, osati wa minibasi yokha.